Maina Asanu ndi Awiri a Malemu Obadiya

Lachisanu m'mawa, chifunga chikadagona pa Malomo, Anjelina anafika pakhomo pa Mayi Eleanor Chisinga wopanda mpango kumutu n'kunena kuti amubera dzina.

Mayi Eleanor anali atamvapo za kubedwa kwa mbuzi, njinga, ngakhale uvuni wathunthu wa njerwa. Koma dzina ayi. Anagwira ntchito ku positi ofesi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo chipumireni, anthu ankawatulira nkhani zimene ankachita nazo manyazi kupita kupolisi. Iwo ankadandaula kuti anthu sawapatsa mpata wopuma, koma kunena zoona, tsiku likadutsa popanda wogogoda ankadwala mutu.

"Khala pansi kaye, mwananga. Dzina lake liti?"

"La bambo a kunyumba, amayi. Lija la pa intaneti. Hashim akuti ikakwana fo koloko lero, lapita."

Mwamuna wa Anjelina, malemu Obadiya, anali mphunzitsi wa pulayimale wolota masana dzuwa likuswa mtengo. Anzake akamagula malata, iye ankagula maina. Webusaiti iliyonse imakhala ndi dzina lake, ndipo dzinalo umachita kulembetsa n'kumalipira chaka ndi chaka. Tsiku limene anafotokoza koyamba, Mayi Eleanor anamva msanga kuposa aliyense: linali bokosi la ku positi basi, kungoti lopanda kiyi wachitsulo. Obadiya analembetsa asanu ndi awiri, onse a banja limodzi. Panali la uchi wa kumapiri, la mtedza, la mbewu, la msika, la njira za alendo oyenda m'mapiri, ndi la nyimbo za makwaya a m'midzi. Lachisanu ndi chiwiri, limene ankalitcha mayi wa onse, linali zakumapiri.com.

Anthu ankamuseka, iye osatekeseka. Ankati sangamange onse nthawi imodzi, poti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Anayamba ndi mayiyo. Ana asanu ndi mmodzi aja ankangolozera kwa mayi wawo, kudikira nthawi yawo. Chaka chilichonse mwana mmodzi azituluka n'kukhala ndi nyumba yakeyake, nkhani zake ndi zithunzi zake, osakopera za mnzake, koma nyumba iliyonse ikhale ndi kanjira kobwerera kwa mayi. Anamaliza ya uchi, ya mtedza anaifikitsa pakati, kenako anadwala n'kumwalirira ku chipatala cha Mtengowanthenga. Tsopano panali patapita miyezi khumi ndi umodzi.

Koma maloto ake anasiya mizu. Alimi a njuchi makumi anayi ndi awiri ankagulitsa uchi kudzera pa dzina lalikululo, ndipo linali lomatidwa pa botolo lililonse. Anjelina ndiye ankalandira maoda. Kwa iye dzinalo linali chakudya, komanso linali chinthu chomaliza cha mwamuna wake chimene chinkayendabe.

Mayi Eleanor anavala juzi. Tiyi wawo anazirala pa tebulo.

* * *

Hashim, amene ankamanga mawebusaitiwo, anali ndi shopu ya fotokope ndi mafoni pafupi ndi siteji ya maminibasi. Ankalankhula ngati akuthamangitsidwa.

"Amayi, imelo inabwera Lamulungu, ine ndaiona dzulo, magetsi mukudziwa mmene akuchitiramu. Munthu walowa mu akaunti ya aphunzitsi, wasintha pasiwedi, ndiye dzina lalikulu likusamutsidwa kupita kwa munthu wina. Zimatenga masiku asanu. Lachisanu lake ndi lero. Likapita, wogula aliyense wolemba dzinalo azifikira kwa mwini watsopano, ndipo ana aja atsala amasiye."

"Pang'onopang'ono, iwe. Walowa bwanji?"

"Ndi nambala ya foni ya aphunzitsi. Ukaiwala pasiwedi, amatumiza manambala achinsinsi ku foni ya mwiniwake. Makinawa sadziwa maliro, amayi. Amene ali ndi nambala ija, kwa iwo ndiye Obadiya."

"Nanga kuti tiletse?"

"Nambala yomweyo. Ine ndipempha pano, meseji ipita kumeneko, wina andiwerengere. Mphindi ziwiri zokha, basi."

Mayi Eleanor anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, mmene ankayang'anira anthu obwera kudzatenga phasulo la eni.

"Zonsezi iwe umazidziwa bwino."

"Ndimazidziwa, inde. Koma ndikanakhala ine, ndikanathamangira kwa mayiwa dzulo? Imeloyo ndikanangoifufuta, inu n'kudzamva chaka cha mawa. Ndipo foniyo sindidziwa kumene ili. Ine ndimayesa ili m'nyumba mwawo. Kawiri konse ndinati tisinthe nambala, anati za malemu tisakhudze."

Anjelina anayang'ana pansi. Zinali zoona.

"Akulifuna ndani dzinali?"

"Wabisa dzina lake. Koma kuli mkulu wina wa ku Lilongwe, wogulitsa uchi wophika ndi shuga. Aphunzitsi ali moyo anabwera kawiri, kawiri konse anabwerera chimanjamanja."

Panja panalira njinga yamoto, ndipo analowa Festus, mchimwene wake wa Anjelina, wa kabaza wodziwika pa Malomo ponse chifukwa cha nthabwala. Anakhala pa benchi ya pakhomo n'kuimenya ndi chikhatho.

"Benchi iyi imandidziwa! Loweruka lililonse ndinkabweretsa alamu anga pano, ine n'kumatha nzimbe ziwiri iwo akulota maina. Amayi, musavutike mutu. Foni ija inapita ku Bowe. Tsiku logawa katundu anaitenga a Yeremiya, akulu awo a malemu. Aja a kolona m'khosi aja! Mbala ndi imeneyo. Kwerani nonse awiri, mafuta ndi anga."

Wotchi ya pakhoma inali itangodutsa naini koloko.

* * *

Msewu wa ku Bowe unkakwera ndi kutsika m'mapiri, ndipo chifunga cha mwezi wa July sichinafune kuwasiya. Mitengo ya m'mbali mwa njira inkatulukira umodziumodzi n'kubwereranso. Mayi Eleanor anakhala pakati, Anjelina kumbuyo atawagwira m'chiuno. Kulira kwa injini kunawagoneka Mayi Eleanor tulo ta maso otsegula, ndipo pa phiri lililonse limene linkasuzumira pamwamba pa chifunga ankaona kanyumba koyera, chitseko chotsegula, Obadiya ali pakhomo ndi choko m'manja. Anawerenga tinyumbato mpaka tisanu n'kudzidzimuka. Anamva chisoni, chifukwa nawonso anali m'gulu la omuseka.

Festus ankayendetsa ngati wanyamula mazira. Pa kamsika kena anaima kuti apope tayala, ndipo Mayi Eleanor atalikanikiza ndi chala chachikulu linali gwaa. Anakweranso njinga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Anapeza a Yeremiya ali pa mkeka akutonola chimanga. Anali munthu wamtali, wouma, mkulu wa mphakati kutchalitchi, wolankhula ngati mawu aliwonse amayamba wawapempherera. Moni yekha anatenga mphindi khumi, ndipo Mayi Eleanor ankamva mphindi iliyonse ikuwaluma.

"Foni ya mng'ono wanga ndili nayo, sindikana," anatero a Yeremiya nkhani itafotokozedwa. "Koma intaneti, mayi, ine ndimangoimva pa wailesi. Kuti mwana uja anali ndi maina ena kupatula la ubatizo, ndamva lero."

"Lamulungu masana munali kuti, bambo?"

"Ku Misa, kenako kukaona odwala, mpaka dzuwa kupendeka. Anthu khumi angakuuzeni."

"Foni simafuna kuti munthu achoke pamene ali," anatero Festus akuseka. "Ngakhale m'tchalitchi momwe amadina pansi pa benchi."

A Yeremiya anamuyang'ana nthawi yaitali.

"A Festus, inu ndiye musatero. Tsiku logawa katundu, alamu angawa ali m'nyumba ndi amayi anzawo akulira, ine ndinalumbira pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Ndinati cha Obadiya chilichonse ndichitsekera, sindichivala, sindichiyatsa, mpaka tsiku lovundukula chiliza. Nkhoswe ya kuchikazi munali inu. Munati ndalankhula bwino."

"Tingaione, alamu?" anafunsa Anjelina ndi mawu otsika. "Ndikudziwa kuti ndikukuswetsani lumbiro. Koma akanakhala iwo, akanati tsegulani."

Mkuluyo anadzuka, nalowa m'nyumba, natuluka ndi sutikesi yachitsulo yomangidwa ndi luzi. Mayi Eleanor anawerama asanaikhudze aliyense. Fumbi la pachivundikiro linali losasokonezeka, kupatula pamene panagwira zala posachedwapa. Mfundo ya luzi inali itauma, ndipo kangaude anali atamanga kuchokera pa mfundoyo kufika pa loko. Anachita kudula ndi mpeni.

Munatuluka fungo la jekete la malemu. Anjelina anagwira pakamwa. A Yeremiya anachita chizindikiro cha mtanda. Ngakhale ana a pakhomopo anasendera kudzasuzumira. Pansi pa Baibulo panali foni yokulungidwa m'kampango, yozizira, batire litafa kalekale.

Mayi Eleanor anatulutsa simukhadi n'kuiika m'foni mwawo. Anadikira. Anaikweza m'mwamba, anayenda nayo mpaka pa chulu pamene anawo anati netiweki imagwira bwino. Palibe chinabwera. Atabwezeramo yawo, timizere ta netiweki tinadzaza tonse.

Pamenepo zaka za ku positi zinawabwerera. Bokosi likakhala losalipiridwa, ankasintha loko n'kulipereka kwa wina, koma makalata a mwini wakale ankabwerabe, n'kumagwera m'manja mwa mlendo. Anaimbira Hashim.

"Laini ikakhala miyezi yambiri osaiyatsa, imatani?"

Kunamveka ngati munthu wadzimenya pachipumi.

"Imafa, amayi! Imafa, nambala n'kubwerera pamsika. Munthu woidziwa akhoza kukaifunsa m'tauni, nambala yomweyo, khadi latsopano. Ine mutu wanga!"

A Yeremiya anamva zonse. Anakhala pansi pang'onopang'ono, foni yakufayo ili m'manja.

"Ndiye kuti ulemu wanga ndi umene watsegulira mbala chitseko?"

Mayi Eleanor anawamvera chisoni chenicheni, munthu amene anasunga lumbiro miyezi khumi ndi umodzi n'kupha nalo chimene ankasungacho.

"Basi, zatha," anatero Festus akuvala chipewa chake cha panjinga. "Nambala ili ndi mlendo, kaya ku Nsanje kaya ku Chitipa. Tayesetsa, Anjelina. Tiyeni tizipita."

Nthawi inali hafu pasiti wani.

* * *

Pobwerera chifunga chinatsikanso. Atakwera mtunda wautali pamene Dowa imathera, Ntchisi n'kuyamba, Mayi Eleanor anagogoda Festus paphewa n'kunena kuti msana wawo wakana. Anaima pamwamba penipeni. Festus anaimika njinga n'kupita kuseri kwa tchire. Kumunsi zigwa zonse zinali zoyera, mapiri okha ndiwo ankayandama.

Amayi awiriwo anakhala pa mwala. Inali itadutsa fili koloko ndi mphindi makumi awiri.

"Amayi, pali chinthu sindinauze munthu," anatero Anjelina, maso ali kutali. "Lamulungu lililonse ndikachoka ku Misa ndimaimba nambala yawo. Ndimadziwa kuti sayankha. Kamayi ka m'foni kaja kamandiuza kuti nambala sikupezeka, ine n'kumva ngati angopita kusukulu, foni azimitsa poti ali m'kalasi. Ndiye ndimaphika, tsiku n'kutha."

"Palibe cholakwa pamenepo, mwananga."

"Masabata atatu apitawo inaitana."

Mayi Eleanor anatembenuka.

"Inaitana kawiri, wina n'kudula. Ndinakhala pansi pakhonde. Ndinati mwina ndalota. Ndinati mwina akufuna andiuze kanthu. Lamulungu lotsatira inali yozima ngati kale, linalo chimodzimodzi. Ndinaopa kunena, anthu angati mkazi wa Obadiya wayamba misala ya mwamuna wake."

Mayi Eleanor anayamba kuyala zinthu m'mutu mwawo, mmene ankasankhira makalata. Wakubayo anayenera kudziwa zinthu ziwiri: kuti maina amangiriridwa ku nambala, ndi kuti foni yatsekeredwa m'sutikesi chaka chathunthu. Hashim ankadziwa choyamba chokha. A Yeremiya ankadziwa chachiwiri chokha. Munthu mmodzi yekha anakhala pa benchi ya Hashim Loweruka lililonse, n'kukhalanso pa mkeka wa ankhoswe. Munthu yemweyo anawatengera kutali ndi Malomo pa tsiku lomaliza, n'kupopa tayala lolimba kale. Ndipo sutikesi ikutsegulidwa, ana omwe akusuzumira, iye amene anakuwa m'mawa wonse kuti mbala ili m'menemo ankayang'ana nkhuku zikutola chimanga.

Anafuna kuti akhale olakwa. M'moyo mwawo sanafunepo kulakwa ngati tsiku limenelo.

"Anjelina, amene ali ndi nambalayo wadziwa kuti umaimba Lamulungu, ndiye Lamulungu amazimitsa. Lero ndi Lachisanu, ndipo lero akudikira uthenga wa wogula. Imba."

"Pano?"

"Pompano."

Festus anali akubwera, akuimba kamluzu, akukonza lamba. Anjelina anadina nambala imene zala zake zinkaidziwa popanda maso. Anaika foni kukhutu.

Pansi pa chishalo cha njinga yamoto panalira kafoni. Kanalira monyong'onyeka, kobanika ndi zipangizo ndi nsanza za oyilo, koma pamtunda pachete paja kanamveka ngati belu la tchalitchi. Mluzu unatha.

Anjelina sanadule. Anaimirira, foni ikadali kukhutu.

"Yankhani, achimwene."

"Anjelina, tamvera kaye..."

"Yankhani. Miyezi khumi ndi umodzi ndakhala ndikudikira kuti wina ayankhe."

Festus anatsegula chishalo, natulutsa kafoni ka mabatani, koma sanakayankhe. Kanalira mpaka kanatopa kokha. Nthabwala zonse zinali zitamuthawa, ndipo anaoneka wamng'ono m'jekete lake lalikulu.

"Ine za makompyuta sindizidziwa," anatero. "Mkulu wa ku Lilongwe uja anandilonjeza ndalama, n'kungoti ndikatenge nambala, meseji ikabwera ndizimuwerengera. Anati limodzi lokha, asanu ndi limodzi akutsalira. Njingayi yatha, Anjelina, ukuimva wekha. Komanso iwe, mpaka liti ukhala ukulera maina a munthu wakufa? Sudya, suseka, amuna akabwera umawabweza. Ndinati likapita, mwina udzuka."

"Tsiku lija inaitana, munaona dzina langa?"

Festus anayang'ana pansi.

"Munaliona, n'kudula. Madzulo ake munabwera kunyumba, ndinakupatsani chakudya, munandipeza maso atatupa, munandifunsa ngati ndi chimfine."

"Chibale ndi fupa, mlongo wanga. Sichiola."

"Foniyo, Festus," anatero Mayi Eleanor atatambasula dzanja. Mtima unali ukuwawawa, ndipo ulemu wa "a" anausiya dala. "Za mafupa mukakambirana kunyumba."

Festus anayang'ana chigwa cha kumunsi, ndipo kwa kamphindi Mayi Eleanor anaona kuti akuganiza zoponya kafoni kaja m'chifungamo. Kukanakhala kutha kwa zonse. Anjelina naye anaona. Sanathamange, sanakuwe. Anangoyenda kufika pamaso pa mchimwene wake n'kutsegula chikhatho, ngati mwana wopempha chiponde. Festus anaika kafoniko m'chikhathomo.

Mayi Eleanor anaimbira Hashim. Kunatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu. Netiweki inaduka, anaimbanso, inadukanso. Anakwera pamwamba pa mwala, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu, msana umene unakana uja utaiwalika.

"Tumiza, Hashim! Tumiza msanga!"

Kafoni kananjenjemera m'manja mwa Anjelina. Anawerenga manambala asanu ndi imodzi mokweza, imodziimodzi, mawu ake osagwedera, Mayi Eleanor n'kumabwereza pamwamba pa mwala. Kenako kunali zii. Chifunga chinkadutsa pakati pawo.

"Ndalowa!" anakuwa Hashim. "Ndaletsa! Ndatseka loko! Onse asanu ndi awiri ali pano, amayi. Tsopano afunseni mayiwo, ndiikepo nambala yanji?"

Mayi Eleanor anatsika pa mwala n'kupereka foni. Anjelina anatchula nambala yake. Atamaliza anatsegula kafoni kaja kumbuyo, natulutsa simukhadi, naiyang'ana, naithyola pakati. Anadziwa kuti Lamulungu likubwerali sadzakhala ndi koimba, ndipo misozi inatsika, koma sanaipukute.

Festus analiza njinga.

"Kwerani. Kwatsala mtunda wautali, ndipo kukuzizira."

Anjelina anamanga chitenje chake molimba n'kuyamba kutsika phiri wapansi. Mayi Eleanor anayang'ana chishalo, anaganizira mawondo awo, nausa moyo, namutsatira. Festus ankabwera pambuyo pawo pang'onopang'ono, mapazi akukwekwesa pansi, akuitana mlongo wake ndi dzina la paubwana. Anjelina sanacheuke.